Za Mwambo wa Mfundo m'Nyumba ya Malamulo Yoyeserera

Masiku ano kuli anyamata ndi asungwana, ena akali pa sukulu, ena ali pa ntchito za m'maofesi, amene ngakhale sadaonanepo nkhope chibadwire, ndiponso adabalalika m'mizinda yotalikirana, amasonkhana madzulo pa intaneti nadzimangira Nyumba ya Malamulo yoyeserera, m'mene amagawana zipani, nachita zisankho, nasankha Sipikala, nakhazika boma ndi mbali yotsutsa, monga umo zichitikira ku Westminster, ku Nyumba ya Malamulo ya Britain. Imodzi yodziwika mwa nyumba zotere, yotsanzira House of Commons ya ku Britain, idayamba pa Reddit m'chaka cha 2014, ndipo padabukanso zina zotsanzira maiko monga America, Canada ndi Australia. Wina akhoza kunena kuti amenewa ndi masanje chabe, ndipo sadaname, pakuti lamulo lopangidwa kumeneko silimanga munthu, ndipo msonkho wokwezedwa kumeneko sufika m'thumba la wina aliyense. Komatu amene adachitako masanje akumbukira kuti mkangano wa yemwe akhale mfumu ndi yemwe akhale fisi udali mkangano weniweni, wogwetsa misozi ndi wothetsa chibwenzi. Mwa mikangano yonse imene imagwedeza nyumba zoterezi, umene umabwerabwera kosaleka ndi wa mwambo wa nyumba yomweyo: ndani ali ndi ufulu wobweretsa mfundo yoti aphungu akambirane, abweretse zingati, zonena chiyani, ndipo ndani angaime pakhomo namuuza kuti, "Iyi yokha ai."

Tiyambe tasiyanitsa bilu ndi mfundo, pakuti muzu wa vuto wagona pamenepo. Wolemba bilu ayenera kukhala pansi, kufufuza malamulo akale amene afuna kusintha, kugawa ndime, kuyeza liwu lililonse, ndipo ntchito yake ikalowa m'nyumba imawerengedwa katatu ndi kusendedwa m'komiti. Thukuta lomwelo limachepetsa mabilu popanda wina kuwaletsa. Mfundo ilibe zonsezi. Ndi mawu ochepa onena kuti nyumba ino ikuganiza zakutizakuti, kapena ikupempha boma kuti lichite chakuti, ndipo munthu akhoza kuilemba pa foni ali m'basi, mtima ukali kuwawa ndi nkhani imene wangoimva kumene. Chinthu chotsika mtengo chotere sichilephera kuchuluka. Onjezerani apo kuti m'nyumba zina zoyeserera zotsatira za chisankho zimawerengedwa monga mwa changu chimene chipani chaonetsa, kotero kuti wobweretsa zambiri ndiye akolola mipando yambiri, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake mlembi wa nyumba, amene naye ndi wongodzipereka wosalandira kanthu, amatsegula kompyuta yake atachoka ku ntchito napeza mfundo zitaunjikana: zitatu za munthu mmodzi, ziwiri zonena chinthu chimodzimodzi m'mawu osiyana, ina yoti nyumba iyamikire timu ya mpira, ndipo pansi pa zonsezo, yokwiririka, imodzi yolembedwa bwino imene mwini wake adaivutikira sabata yathunthu.

Ku Westminster, kumene anyamatawa amakatapa mwambo wawo, chinthu chosowa ndi nthawi. M'chipinda muja mumalankhula munthu mmodzi pa nthawi imodzi, ndipo iyeyo akaimirira, nyumba yonse ya aphungu 650 iyenera kumudikira. Aphungu a ku Ireland, otsogozedwa ndi Charles Stewart Parnell, ndiwo adaonetsa poyera kuti wogwira nthawi wagwira nyumba: pofuna kutchinga bilu ya boma la Gladstone yopereka mphamvu zomanga anthu ku Ireland popanda kuwazenga mlandu, adalankhula molandizana kuyambira Lolemba pa 31 Januwale 1881 kufikira m'mawa wa Lachitatu pa 2 Febuluwale, maola oposa 41, mpaka Sipikala Henry Brand, wopanda lamulo lolembedwa lomuloleza kutero, adaimirira nadula zokambiranazo yekha. Chaka chotsatira nyumba idakhazikitsa lamulo lotsekera zokambirana, ndipo kuyambira pamenepo nthawi yakhala ikugawidwa ndi muyeso. Lero ntchito ya boma ndiyo imatsogola. Otsutsa amapatsidwa masiku 20 pa chigawo chilichonse cha nkhumano, 17 kwa chipani chachikulu ndi 3 kwa chotsatira. Mabilu a aphungu wamba ali ndi masiku a Lachisanu 13. Ndipo kuyambira 2010 pali masiku 35 amene komiti ya aphungu a mipando yam'mbuyo imagawa. Nyumba yathu ya ku Lilongwe, imene idayamwa bere lomwelo, imasungira aphungu wamba tsiku la Lachinayi.

Koma pa intaneti dzuwa sililowa. Anthu makumi atatu akhoza kulankhula pa nthawi imodzi, yense m'kabokosi kake, ndipo Parnell akadakhala kumeneko akadalemba masamba chikwi osatchinga munthu, pakuti anzake akadangolumpha osawerenga. Poona ichi ena amati malamulo ochepetsa mfundo ndi katundu wa makolo amene nyumba ya pa intaneti ikusenza popanda chifukwa: malo alipo osatha, aliyense alembe zimene afuna, wofuna kuwerenga awerenge. Mawuwa amakoma m'khutu, koma aiwala kuti ngakhale malo olembapo satha, maso owerenga amatopa. Phungu wa nyumba yoyeserera ali ndi mayeso mawa, kapena bwana womudikira m'mawa, ndipo chimene angapereke ku nyumbayo ndi ola limodzi la madzulo. Mukamuikira mfundo imodzi, aiwerenga, aiganizira, ayankha, ndipo mnzake amuyankha. Mukamuikira khumi, aona mitu yokha, nadikira uthenga wa akuluakulu a chipani womuuza poti aponye voti. Pamenepo mfundo iliyonse imakhala ndi ndemanga ziwiri, ya mwini wake ndi ya bwenzi lake, ndipo nyumba imene idamangidwa kuti anthu aphunzire kutsutsana imasanduka malo amene onse alankhula, palibe womva. Chimene malamulo a mfundo ayenera kugawa kumeneko ndi ola limodzi lija la owerenga. Ndipo ndikhulupirira kuti lamulo lililonse limene wina alingalira liyenera kuyesedwa ndi funso lakuti, kodi likugawa chidwi cha nyumba mwachilungamo, kapena likupatsa munthu wina mphamvu yoweruza maganizo a anzake nyumba isanawamve?

Tsono munthu akavomera kuti malire afunika, funso lotsatira, limene limalekanitsa mabwenzi, ndi lakuti malirewo agwere pa yani. Mukati phungu aliyense abweretse imodzi pa sabata, chipani cha aphungu makumi atatu chidzamiza cha aphungu atatu osalakwira lamulo ndi pang'ono pomwe. Mukati chipani chilichonse chibweretse ziwiri, mwaika kiyi m'dzanja la mtsogoleri wa chipani, ndipo mnyamata wolowa dzulo, amene adadza ndi nkhani imodzi yomuyaka mumtima, kaya ya njanji ya kwawo kaya ya chipatala, adzadikira kufikira motowo utazilala. Ndiponso ochenjera sachedwa kuona kuti chipani chimodzi chikagawika pawiri chimapata mipata inayi, kotero kuti lamulo lofuna bata limabala timagulu tambirimbiri. Mukati wofika msanga ndiye ayambe, wosagona ndiye adzalamulira nyumba. A ku Westminster adathawira ku maere: poyamba pa chigawo chilichonse amatulutsa maina 20 a aphungu wamba, ndipo amenewo ndiwo amatsogola pa masiku a Lachisanu aja. Njirayi ioneka yachibwana kwa nyumba yolemekezeka chotere, koma maere alibe mbale, ndipo wogwa nawo alibe womuloza chala.

Ine ndikadafunsidwa, ndikadati malire ayambe aikidwa pa nyumba yomwe asanaikidwe pa munthu. Mfundo zotseguka pa nthawi imodzi zisapitirire ziwiri kapena zitatu, monga mwa chiwerengero cha anthu amene amabweradi kudzawerenga, osati cha maina ogona m'kaundula. Mipata isinthanesinthane pakati pa boma ndi otsutsa, ndipo umodzi mwa ingapo usungidwire oima paokha ndi timagulu tating'ono, ugawidwe mwa maere. Ndipo wokhala ndi mfundo pamzere asaikenso ina kufikira yoyambayo itamveka. Lamulo lotsirizali, looneka laling'ono, ndilo lili ndi mphamvu yoposa, pakuti limakakamiza munthu kudziweruza yekha. Wokhala ndi mfundo zisanu m'thumba, podziwa kuti khomo lilandira imodzi, amakhala pansi nazisanthula, nataya zinayi ndi dzanja lake. Ndipo zinayi zomwezo, akadazitaya Sipikala, bwenzi patabuka mlandu wa tsankho wosatha sabata ziwiri. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, ndipo kuli bwino kuti phungu aphunzire mwambi umenewu pa mfundo zake zomwe.

Alipo ena amene chikhulupiriro chawo chonse chili pa osainira. Amati mfundo isalowe pokhapokha aphungu asanu kapena khumi ataikapo maina awo. Mwambo wofuna munthu wachiwiri wovomereza ndi wakale, ndipo ulimo m'buku la Henry Martyn Robert la 1876, limene mabungwe ambiri a ku America amayendetsera misonkhano yawo. Cholinga chake ndi chabwino, chakuti gulu lisataye nthawi pa chinthu chofunidwa ndi munthu mmodzi yekha. Komatu dzina ndi lotsika mtengo kuposa mfundo yomwe. Ku Westminster kuli mtundu wa mfundo zotchedwa Early Day Motions, zimene phungu angalembe m'chiganizo chimodzi chosapitirira mawu 250, anzake nasainira. Zimalembedwa mazanamazana chaka ndi chaka, zina zolemera, zina zongoyamikira anthu a kwawo kwa phungu, ndipo pafupifupi zonse zimafa osakambidwa. Inde, imodzi mwa izo, ya Margaret Thatcher, idagwetsa boma la James Callaghan pa 28 Malichi 1979 ndi mavoti 311 kwa 310. Koma idapatsidwa nthawi chifukwa mwini wake adali mtsogoleri wa otsutsa wofunsa ngati nyumba ikali kukhulupirira boma, ndipo mulu wa maina sudali kanthu pamenepo. Pa intaneti kusaina ndi kudina kamodzi, ndipo chipani chachikulu chimatola maina khumi tiyi asanazizire, pamene woima payekha amayendayenda kupempha masiku atatu. Ngati maina afunika ndithu, nzeru ya nyumba ya ku Scotland ndiyo iposa, kumene mfundo ya phungu wamba imafuna kuti a zipani zina aisainire isanapatsidwe nthawi ya mtsutso. Pakuti maina awiri ochokera tsidya lina la nyumba achita umboni woposa maina makumi awiri a pabanja. Ndipo kaundula uja wa mfundo zosakambidwa asanyozedwe msanga: anthu ambiri safuna mtsutso konse, angofuna kuti mawu awo alembedwe penapake pooneka, ndipo nyumba yowapatsa tsamba lotere yapepukitsa mzere wake popanda kukhumudwitsa munthu.

Lamulo limene nyumba yoyeserera iliyonse iyenera kulitenga lathunthu ndi la 1604, lakuti funso limene nyumba yaligamula kale lisabwerenso m'chigawo chomwecho cha nkhumano. Anthu ambiri akunja kwa nyumbayo adali asanalimvepo kufikira 2019. Pangano la boma la Theresa May lotulutsira Britain mu European Union lidakanidwa pa 15 Januwale ndi mavoti 432 kwa 202, lidakanidwanso pa 12 Malichi ndi 391 kwa 242, ndipo pamene boma lidafuna kulibweretsa kachitatu, Sipikala John Bercow pa 18 Malichi adaloza Erskine May, buku la mwambo wa nyumbayo limene lidayamba kusindikizidwa mu 1844, nanena kuti panganolo silingabwere lili chomwecho. Boma lidachita kulidula pakati ndi kubweretsa gawo limodzi lokha pa 29 Malichi, ndipo nalonso lidagwa, 344 kwa 286. Ngati nyumba ya anthu olipidwa, amene ntchito yawo ndi kukhala pamenepo, ifuna mpanda wotere, koposa kotani nanga nyumba imene aphungu ake amachuluka pa tchuthi nachepa pa nyengo ya mayeso? Kumeneko wogonja safunikira kusintha mtima wa munthu aliyense; angodikira sabata imene otsutsana naye ali otangwanika, nabweretsanso mfundo yomwe ija. Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo nzoona. Koma mlandu wogamulidwa dzulo sauzenganso lero chifukwa chakuti mboni za mnzako zapita kumaliro. Chovuta chake, chimene Bercow yemwe adalimbana nacho polola voti yachiwiri ija pachifukwa chakuti padaonjezedwa zikalata zatsopano, ndi kudziwa pamene mfundo yasinthadi ndi pamene yangovala malaya ena. Muyeso umene ndiuona wolungama ndi uwu: kodi m'mfundo yatsopanoyi muli kanthu kamene kangachititse munthu woona mtima, amene adakana poyamba, kuganizanso? Kusintha nambala imodzi pang'ono, kapena kusanduliza mawu, sikufika pamenepo. Ndipo popeza zigawo za nyumba zoyeserera zimakhala za miyezi yochepa, wogonja sadikira nthawi yaitali.

Tafika tsono pa nkhani yolemera koposa, ya zimene mfundo ikunena. Pano ndipo pagona yesero lalikulu la Sipikala, pakuti iye ndi munthu, ali ndi maganizo ake, ndipo tsiku ndi tsiku zimadzera m'manja mwake mfundo zimene aziona zopusa, zina zoipa kumene. Lamulo lomupatsa mphamvu yokana mfundo "zopanda pake" kapena "zachibwana" limalembedwa mosavuta, ndipo onse amaliombera m'manja tsiku lolikhazikitsa, yense poganiza kuti lidzagwira mnzake. Koma mawu otere alibe malire, ndipo chachibwana kwa Sipikala wa lero chikhoza kukhala chikhulupiriro chonse cha chipani china. Mwambo wa ku Westminster pa ichi ndi wodziletsa. Alembi a nyumba amayang'ana maonekedwe a mfundo, nasiya kukoma kapena kuipa kwake m'manja mwa aphungu: kodi mawu ake ndi aulemu, kodi siikukhudza mlandu umene uli m'khoti, kodi siikutulutsa ndalama m'thumba la boma popanda chilolezo cha nduna, chinthu chimene chidaletsedwa ndi lamulo lokhazikika kuyambira 1713. Mafunso onsewa munthu angawayankhe osaulula kumene mtima wake wapendekera. Nyumba yoyeserera ichita bwino kuonjezerapo limodzi lakuti mfundo ifunse funso limodzi lokha, pakuti womanga pamodzi chinthu chokoma ndi chowawa, kuti wokana chowawacho anenedwe kuti wakana chokoma, akutchera anzake msampha. Za ndalama nazo zisapeputsidwe poti ndalamazo ndi zongoyerekeza. Nyumba ikazolowera kulonjeza sukulu zaulere Lolemba, kutsitsa msonkho Lachitatu ndi kumanga njanji Lachisanu, mnyamata amene adakhala usiku kulemba bajeti wachitidwa chipongwe, ndipo sadzalembanso. Mfundo ipemphe, koma inene kumene ndalamazo zichokere.

Nanga mfundo ya nthabwala? Isiyeni ilowe pamzere, idye mpata wa mwini wake. Akaona kuti nthabwala yamudyera mwezi wathunthu, adzaleka yekha, ndipo mwina nyumba idzasekako pang'ono, chimene si tchimo. Nanga ya maganizo onyansa? Ambiri a maganizo otere afunika kuyankhidwa poyera ndi kugwetsedwa ndi voti, pakuti ndiyo ntchito imene anthu adadzera. Koma pali zina zimene sizili za masewera konse: mfundo yotchula moyo weniweni wa phungu mnzake, sukulu yake kapena banja lake, yoseweretsa imfa za anthu enieni amene abale awo akali kulira, yonena kuti anthu a mtundu wakuti kapena chipembedzo chakuti si anthu, pamene ena a iwo akhala m'nyumba momwemo, ndipo ena ndi ana a zaka 15. Zotere ziyenera kuchotsedwa msanga, osadikira mtsutso. Chimene ndiumirira ndi chakuti azichotse osunga pakhomo, anthu osakhala m'chipani chilichonse, monga mwa malamulo a pakhomopo, ndipo Sipikala wa m'masewera asavale zisoti ziwirizi pamutu umodzi. Pakuti tsiku limene adzagwiritsa mphamvu yoteteza ana pochotsa mfundo yongomunyansa pa ndale, sipadzakhalanso womukhulupirira pa zonse ziwiri.

Zosintha mfundo ndi khomo lakuseri limene ambiri amaliiwala pomanga mpanda. Mutachepetsa mfundo bwinobwino, wochenjera amatenga ya mnzake, nachotsa mawu onse kusiya oyamba okha, nalowetsamo zake. Sipikala wa ku Westminster wakhala ndi mphamvu yokhazikika yosankha zosintha zoti zikambidwe kuyambira 1919, ndipo kulemera kwa mphamvu imeneyi kudaoneka pa 21 Febuluwale 2024. Tsikulo lidali la Scottish National Party, limodzi mwa masiku ake ochepa aja, ndipo chipanicho chidabweretsa mfundo yopempha kuti nkhondo ya ku Gaza iime. Sipikala Lindsay Hoyle, mosiyana ndi mwambo ndiponso mlembi wamkulu wa nyumba atamuchenjeza m'kalata, adalola chosintha cha chipani cha Labour pamodzi ndi cha boma; boma lidakana kutengako mbali, aphungu ambiri adatuluka m'chipinda mokwiya, mawu a Labour adadutsa popanda kuwerenga mavoti, ndipo eni tsikulo sadaponye voti pa mawu awoawo. Hoyle adapepesa usiku womwewo, koma aphungu oposa 80 adasainira mfundo yonena kuti samukhulupiriranso. Phunziro lake kwa nyumba yoyeserera ndi lapafupi: mpata ukaperekedwa kwa kagulu kakang'ono, nyumba iponye voti pa mawu a kaguluko poyamba, zosintha zidze pambuyo, ndipo chosintha chilichonse chikhale pa nkhani yomweyo. Kupanda kutero mwapatsa munthu mpata ndi dzanja lamanja ndi kumulanda ndi lamanzere.

Za nthawi sindichulukitsa mawu. Popeza pamene wina akudya mgonero wina akudzuka, mfundo ionekere pa ndandanda tsiku limodzi kapena awiri isanatsegulidwe, mtsutso ukhale masiku atatu kapena anayi, ndipo voti isayambe mtsutso usanatsekedwe, kuti munthu asagamule asanamve. Mfundo yokha imene ifuna mpanda wakewake ndi yochotsa boma, pakuti m'masewera palibe chokoma choposa kugwetsa nduna yaikulu, ndipo popanda choletsa boma lingagwe mwezi ndi mwezi lisanalembe bilu ndi imodzi yomwe. Pano Westminster sathandiza kwambiri. Nzeru ili ku Germany, kumene malamulo a dziko a 1949 amati nyumba singachotse mtsogoleri wa boma pokhapokha itasankha womulowa m'malo pa voti yomweyo, patapita maola 48 chiperekere mfundoyo, monga zidachitikira mu 1982 pamene Helmut Kohl adalowa m'malo mwa Helmut Schmidt. Ku Spain adaonjezerapo kuti mfundo yotere isainidwe ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a aphungu, ndi kuti ikagwa, osainawo asabweretsenso ina m'chigawo chomwecho. Walira mvula walira matope; wofuna kugwetsa boma adziwiretu kuti mawa lake ndiye adzayankha mafunso.

Zonsezi zingakonzedwe bwino, nyumba n'kufabe, ngati mfundo yodutsa siibala kanthu. Mfundo simanga boma monga lamulo limangira, ndipo boma lochenjera limadziwa ichi. Pa 18 Okutobala 2017 otsutsa a ku Westminster adabweretsa mfundo yoti ndondomeko ya chithandizo ya Universal Credit iyambe yaima. Boma lidauza aphungu ake kuti asavote, mfundo idadutsa ndi mavoti 299 kwa 0, ndipo ndondomekoyo idapitirira ngati kuti palibe chidanenedwa. Madandaulo atakula, boma lidalonjeza kuti nduna izidzayankha mfundo zotere pasanathe sabata 12. Otsutsa nawo adafukula njira yakale yoitanitsira zikalata, imene boma silingainyalanyaze, ndipo pamene lidakana kutulutsa uphungu wonse wa mkulu wa zamalamulo pa pangano lija lotulutsira Britain mu European Union, nyumba idagamula pa 4 Disembala 2018, ndi mavoti 311 kwa 293, kuti nduna zanyoza Nyumba ya Malamulo. Mawa lake uphunguwo udatuluka. M'nyumba yoyeserera, kumene mphotho yokha ya wolemba ndi kumvedwa, kusayankhidwa kumapweteka koposa kugonja. Tsono lamulo linene kuti mfundo ikadutsa, nduna yake iyankhe m'masiku owerengeka, ngakhale yankho likhale lakuti, "Tamva, koma sitichita, pa zifukwa izi". Ndipo nduna yosayankha chipani chake chitaye mpata wake wotsatira pamzere. Ndaona kuti amene amadandaula za kuchuluka kwa mfundo kawirikawiri saona kuti kusayankha ndiko kumazichulukitsa, pakuti munthu wosayankhidwa amagogodanso.

Watsala Sipikala mwini, amene malamulo onsewa adzera m'manja mwake. Wa ku Westminster amatuluka m'chipani chake tsiku losankhidwa, ndipo sabwereranso. Wa m'nyumba yoyeserera adali mtsogoleri wa chipani miyezi itatu yapitayo, mabwenzi ake apamtima akhala mbali imodzi ya nyumba, amacheza nawo usiku uliwonse, ndipo akatula udindo adzabwerera kwa iwo. Kumuyembekezera kuti aiwale zonsezi ndi kumusenzetsa katundu amene munthu sangathe. Chomuthandiza ndi kumuchepetsera malo oganiza yekha ndi kumuika poyera. Akakana mfundo, alembe chifukwa chake m'mizere iwiri kapena itatu, natchula ndime ya lamulo imene yalakwiridwa, pamalo pamene aliyense angawerenge, ndipo mwini mfundo aloledwe kuikonza osataya malo ake pamzere. Zigamulo zimenezi zisungidwe pamodzi, kuti Sipikala wa mawa amangidwe ndi za dzulo, pakuti Erskine May yemwe, amene kope lake la 25 lidaikidwa pa intaneti kwaulere mu 2019, mbali yake yaikulu ndi zigamulo zakale zosanjidwa bwino. Wosakhutira akhale ndi kopita, kaya kwa achiwiri a Sipikala atakhala pamodzi, kaya ku nyumba yonse, koma pakhale chiwerengero chokwera, monga magawo awiri mwa atatu, kuti chipani cholamula chisasandutse apilo njira yochotsera chigamulo chilichonse chosachikomera. Ndipo malamulo a mfundo akasinthidwa, kusinthako kuyambe kugwira ntchito chisankho chotsatira chitapita, pamene olemba ake sadziwa ngati adzakhala ku mipando ya boma, kapena ku mipando ya otsutsa, kapena pakati pa anthu atatu aja odikira maere.